Kama, Daga

Ku Bangula dzuwa la Okutobala silifunsa mtundu wa munthu.
Linatiwotcha tonse awiri,
ine dagaboyi, ndi Tunjayi, kapitawo wa ku Turkey,
tikumanga nyumba ya mapampu m'mbali mwa ngalande.

Masana, pansi pa mtengo wa masau,
anasolola m'thumba kampeni kakuthwa konsekonse,
chigwiriro chake cha nyanga, chosalala ndi manja a anthu atatu:
agogo ake, bambo ake, iye.
Anayamba kusenda nako nzimbe.
Ndinaloza ndi mlomo. Iye anati: kama.

Ndinaseka mpaka madzi a nzimbe anatulukira m'mphuno.
Kama? Kwathu kama ndi pogona,
yemwe Nyakuipa wakhala akundikumbutsa
chikwatirane chathu, poti mphasa yamutha nthiti.
Kama ndi mawu a bambo m'khola m'bandakucha:
kama msanga iwe, thole lisanamalize mkaka!
Munthu ungamuphe bwanji ndi pogona?
Ungamubaye ndi mkaka?

Tunjayi sanamve, koma anaseka nawo.
Ndiye anayesa Chingerezi chake chotsimphina: daga.
Apa ndiye ndinagwa chagada.
Daga ndi uyu ali m'wilibala, bwana,
mafosholo asanu a mchenga, imodzi ya simenti,
yemwe wanding'amba zikhatho
ngati dothi la ku Ndindi madzi akaphwa.
Daga wanga amalumikiza njerwa ndi njerwa.
Wanuyo amalekanitsa munthu ndi mpweya wake.

Anaimika chala: lilipo dzina lina, hancha,
wopindika ngati mwezi wa masiku atatu.
Anadzigunda kumsana ndi chibakera,
nanena dzina la munthu amene ankadya naye mbale imodzi kwawo,
nakhala chete.
Pamenepo sipanafunike womasulira.

Patapita masabata awiri ndinakwera kabaza, kenako minibasi,
mpaka ku boma ku Nsanje,
kukaona mndandanda wa malo
a ife tinasamutsidwa ku Makhanga madzi atatilanda mudzi.
Chala changa chinatsika papepala ngati nyerere pakhoma.
Alufandika, Fombe.
Alufandika, Nyakuipa.
Alufandika, Zuze,
ndipo pambali pa dzina la mng'ono wanga
kachizindikiro kakang'ono, kakuda,
mutu wopingasa, mchira wosongoka.

Ndinati, mayi, kamtanda aka n'ka chiyani?
Mlembi uja, mayi Fulukiya, anavula magalasi.
Ambiri amati mtanda, anatero,
koma m'mabuku osindikiza Angerezi amakatcha daga.
Timakaika pa dzina la amene sadzabwera kudzasayina.

Zuze, iwe amene Ruo anakutenga ndi bwato lomwe,
utapulumutsa mbuzi za eni ake maulendo anayi,
tinakufuna m'mabango mpaka ku Chiromo,
tinapeza nkhafi yokha.
Ulibe manda. Palibe pokalira,
palibe pothira daga wanga kuti ndikumangire chiliza.
Boma lakupatsa kampeni aka basi,
kochepa kuposa munga wa mtete,
ndipo kandilowa pansi pa nthiti
osatulutsa magazi.

M'mawa mwake ndinasakaniza matope osayimba.
Tunjayi anandiyang'ana kawiri, osafunsa.
Masana anasenda nzimbe, naidula mfundo ndi mfundo,
nandipatsa chidutswa chili kunsonga ya kampeni kake.
Ndinayang'ana nsongayo nthawi yaitali.
Ndinatenga. Inali yotsekemera ndithu,
nzimbe ya ku Nchalo sinama.

Usiku, kutentha kutatithamangitsira pakhonde,
udzudzu ukulira ngati uli ndi maliro akeake,
Nyakuipa anatembenuka pamphasa, nati:
nanga kama uja, mwezi watha uwu?

Ndinati mawa.
Iye anadabwa kuti sindinaseke.